Kutsuka ndi Kusunga Makobiri Akale

M'nyumba zambiri za m'dziko la Zambia muli kacitini kapena kathumba m'mene akulu anasungamo ndalama zacitsulo zimene sizigulanso kanthu m'sitolo. Zina ziri ndi ciboo pakati, zina ziri ndi mutu wa mfumu ya ku England, ndipo zina ziri ndi nkhope ya Dr. Kenneth Kaunda. Makobiri ena apezeka polima m'munda, pokumba maziko a nyumba, kapena pa bwinja pamene panali sitolo kale. Kawiri-kawiri makobiri otere ali akuda bii, kotero kuti caka ndi malemba ace sizioneka bwino.

Pali anthu, ana ndi akulu omwe, amene akonda kusonkhanitsa makobiri akale, kuwatsuka ndi kuwasunga m'dongosolo lace. Nchito imeneyi aicita pa nthawi yopuma, osayembekeza malipiro, monga ena akondera kuweta nkhunda. Ndi nchito yokondweretsa, ndiponso iphunzitsa mbiri ya dziko. Koma iri ndi ngozi yace. Kobiri limene lakhala bwino zaka 90 likhoza kuonongeka m'mphindi zisanu m'manja mwa mwana wolitsuka mosadziwa, ndipo palibe mmisiri amene angalibwezere monga linaliri. Cifukwa cace wofuna kuyamba nchitoyi ayenera kudziwa zinthu zitatu: citsulo cimene anapangira kobiri lace, cimene calidetsa, ndiponso ngati liyenera kutsukidwa kapena kulekedwa.

1. Makobiri amene apezeka m'dziko muno

Kale ndalama zinali kuwerengedwa m'mapeni, mashilingi ndi mapaundi. Mapeni 12 anali shilingi imodzi, ndipo mashilingi 20 anali paundi imodzi. Tiki inali mapeni 3, sikisi inali mapeni 6, ndipo hafukoloni inali mashilingi 2 ndi mapeni 6.

M'caka ca 1932 dziko la Southern Rhodesia linaturutsa ndalama zace zacitsulo, ndipo zinagwira nchito ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland komwe. Tiki, sikisi, shilingi, mashilingi awiri ndi hafukoloni za nthawi imeneyo zinali za siliva weniweni: pa magawo 1,000 a citsulo cace, magawo 925 anali siliva. M'caka ca 1944 siliva anacepetsedwa kufikira theka, ndipo kuyambira 1947 anacotsedwa konse. M'malo mwace anaikamo msanganizo wa magawo atatu a mkuwa ndi gawo limodzi la nikelo, umene uli woyera ngati siliva koma wocepa mtengo. Peni ndi hafupeni za ciboo pakati zinayamba mu 1934. Poyamba zinali za msanganizo woyera womwewo, koma kuyambira 1942 zinapangidwa za mkuwa wofiira wosanganiza pang'ono ndi zitsulo zina zoulimbitsa.

Ndalama za Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland zinaturuka mu 1955. Pa hafupeni panali anyamalikiti awiri, pa peni njobvu ziwiri, pa sikisi mkango, pa shilingi mphalapala, ndi pa mashilingi awiri nkhwazi itagwira nsomba. Ndalama zoyera za Federation zimene anthu anali kugulira zinthu zinalibe siliva.

Dziko la Zambia linalandira ufulu pa 24 October, 1964, ndipo caka comweco linaturutsa sikisi, shilingi ndi mashilingi awiri ace. Pa 16 January, 1968, kunabwera kwacha ndi ngwee. Shilingi inasanduka 10 ngwee, sikisi 5 ngwee, ndipo mphoyo imene inali pa mashilingi awiri inapita pa 20 ngwee. Makobiri a 1 ngwee ndi 2 ngwee anali a mkuwa kufikira 1982, pamene anayamba kuwapanga a citsulo wamba cokutidwa ndi mkuwa wopyapyala. Makobiri amene anaturuka m'caka ca 2013 naonso ali a citsulo cokutidwa.

Motero nzeru yoyamba ndiyo kuwerenga dziko ndi caka pa kobiri. Yaciwiri ndiyo kuyesa ndi maginito. Maginito sakoka siliva, mkuwa kapena msanganizo wa mkuwa ndi nikelo, koma akoka citsulo wamba. Kobiri limene limamatira ku maginito liri ndi khungu lopyapyala, ndipo khungulo likacoka, dzimbiri lilowa m'kati.

2. Cimene cidetsa kobiri

Pali mitundu iwiri ya kuda, ndipo mwana wanzeru aphunzire kuisiyanitsa.

Mtundu woyamba ndi litsiro. Limeneli ndi dothi, mafuta a m'manja, utsi ndi fumbi zimene zangokhala pamwamba pa kobiri. Litsiro siliri mbali ya kobiri ai, ndipo licoka ndi madzi ndi sopo.

Mtundu waciwiri ndi kuthimbirira. Apa citsulo ceni-ceni casandulika. Mu mpweya muli mbali ina yochedwa okosijeni. Okosijeni akakhudzana ndi mkuwa masiku ambiri, agwirizana nao ndi kupanga khungu lofiirira, limene pambuyo pace lida. Kobiri likakhala m'dothi lonyowa zaka zambiri, khungulo lisanduka lobiriwira. Ku Kansanshi, pafupi ndi Solwezi, amisiri akale anali kukumba mwala wobiriwira wochedwa malachite, nausungunula m'ng'anjo ndi makala kuti apeze mkuwa. Kubiriwira kwa kobiri lofukulidwa m'munda kuli paubale ndi mwala umenewo. Mkuwa ukalekedwa m'nthaka ubwerera pang'ono-pang'ono ku mtundu wa mwala umene unacokerako.

Siliva adetsedwa ndi sulufule. Sulufule apezeka mu utsi, m'mazira, mu anyezi ndi mu mphira. Ndico cifukwa cace tiki ya siliva imene yakhala nthawi yaitali m'nyumba yophikira ida msanga kupambana imene yakhala m'bokosi.

Tsono mfundo yaikuru ndi iyi: popeza khungu lothimbirira lapangidwa ndi citsulo ca kobiri lomwelo, wocotsa khungulo acotsa mbali ya kobiri. Kobiri likatsukidwa motero kawiri kapena katatu, malemba ace ayamba kufafanizika. Ndiponso khungu lofiirira losalala ndi cobvala ca kobiri, pakuti licinjiriza citsulo ca m'kati kuti mpweya usacifikire.

3. Kuwala si ndiko mtengo wa kobiri

Fanizo lace ndi ili. Nkhalamba ina inapatsa adzukulu ace awiri matiki a caka ca 1932, wina yace wina yace. Pa matiki amenewo panali mutu wa Mfumu George V, wa ndevu ndi cisoti cacifumu. Wamkuru anatenga mcenga ndi phulusa, nakhula tiki yace monga mlongo wace akhulira mphika. Posacedwa tiki ija inawala mbee. Wamng'ono anangobviika yace m'madzi a sopo, naiumitsa ndi kansalu. Yace inakhalabe yotuwa, koma malemba onse anaoneka bwino.

Wamkuru anathamangira kwa nkhalamba ija nati, "Agogo, taonani, yanga ikuwala kupambana ya mng'ono wanga!"

Nkhalamba inaiyang'ana pa dzuwa, niti, "Inde ikuwala, mdzukulu wanga, koma ndevu za mfumu wazisiya kuti? Ndipo tizipsera tonseti tacokera kuti?"

Mnyamata atayang'anitsitsa anaona kuti tsitsi, ndevu ndi timikanda ta pa cisoti zinasalala, ndipo nkhope yonse inali ndi timizere tosawerengeka ta mcenga. Anafunsa kuti, "Nanga ndicite ciani, agogo, kuti ibwerere?" Nkhalamba inayankha kuti, "Palibe, mdzukulu wanga. Madzi akatayika saoleka."

Anthu amene agula makobiri akale ayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Kobiri lokhulidwa alizindikira msanga, ndipo alipira mtengo wocepa kwambiri kapena alikana. Kwa iwo kobiri lotuwa limene liri ndi malemba athunthu lipambana lowala limene lafafanizika. Cifukwa cace lamulo la osunga makobiri m'maiko onse ndi ili: kobiri lakale, losowa, kapena limene mwini wace salidziwa bwino, lisakhulidwe ndipo lisaikidwe m'mankhwala.

4. Kutsuka ndi madzi ndi sopo

Njira imeneyi ndi yofatsa, ndipo ndi yokwanira pa makobiri ambiri. Zofunika ndi izi: mbale ziwiri za dothi kapena za pulasitiki, madzi ofunda, sopo pang'ono, mswaci wakale wofewa, munga wa mtengo, ndi nsalu yoyera ya thonje. Madzi a mvula oyera apambana a pa citsime, cifukwa madzi a pansi kawiri-kawiri ali ndi mcere wosaoneka.

Mwana ayambe wasamba m'manja. Kobiri aligwire m'mbali mwace ndi zala ziwiri, osati pa nkhope, pakuti thukuta liri ndi mcere umene usiya cizindikiro ca cala pa citsulo. Alibviike m'madzi a sopo, lokha-lokha, ndipo makobiri a mkuwa asawasanganize ndi oyera m'mbale imodzi. Alileke theka la ora kuti litsiro lifewe. Dothi louma la m'munda lifuna masiku awiri kapena atatu m'madzi oyera, kusintha madziwo tsiku ndi tsiku.

Litsiro likafewa, aligwedezere m'madzi momwemo kuti timiyala tigwe tokha. Lotsala pakati pa malemba alicotse ndi munga mofatsa. Munga uli wofewa kupambana citsulo, koma singano, mpeni ndi waya zicita zipsera. Mswaci ndi wa makobiri wamba okha. Potsiriza alitsukuluze m'mbale yaciwiri, aliike pa nsalu, ndi kulipsinja pang'ono mbali zonse ziwiri osapukuta. Liume ndithu lisanasungidwe.

Nchito imeneyi ifuna kuleza mtima. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Caka cimene sicinaoneke tsiku loyamba cikhoza kuoneka tsiku lacitatu.

5. Mandimu, viniga ndi mcere

Pali makobiri ena a mkuwa amene ali ocuruka, otha kale ndi osagwira nchito, monga 1 ngwee ndi 2 ngwee zopezeka m'nyumba zambiri. Amenewa ndiwo oyenera kuphunzirirapo, mwini wace atalola. Maginito asonyeze poyamba kuti ndi a mkuwa ndithu.

M'mandimu ndi mu viniga muli asidi wofooka, ndiye amene acititsa kuwawasa. Asidi ameneyu asungunula khungu lakuda la mkuwa, ndipo mcere umthandiza kucita msanga. Mwana athire kotala la kapu ya viniga kapena madzi a mandimu m'botolo la galasi, aonjeze supuni yaing'ono ya mcere, natakase. Kobiri akalibviika theka lokha ndi kuligwira mphindi imodzi, adzaona mzere pakati: mbali yobviikidwa yayera, ina iri yakuda. Kobiri lonse lisakhalemo kupitirira mphindi zisanu. Akalibvuula alitsukuluze ndi madzi ambiri, naliumitse.

Koma ayang'anenso mtundu wace. Kobiri lotere liri lofiira motuwa, losafanana ndi latsopano, ndipo patapita masabata owerengeka liyambanso kuda, cifukwa citsulo ca m'kati tsopano ciri pamtunda.

Pali zoyesa ziwiri zimene zitsimikiza phunziro ili. Coyamba, kobiri limodzi licotsedwe mu viniga ndi kuikidwa pa kansalu losatsukuluza. M'mawa mwace lidzakhala ndi mawanga obiriwira. Ici cisonyeza kuti mcere ndi asidi zotsala pa kobiri zipitiriza kulidya. Caciwiri, m'viniga m'mene mwatsukidwa makobiri 10 kapena 20 muikidwe msomali woyera wa citsulo kwa ora limodzi. Msomali udzaturuka wofiira. Kufiirako ndi mkuwa umene unacoka pa makobiri aja, nusungunuka mu viniga, ndipo tsopano wamamatira pa msomali. Umenewu ndi umboni wooneka ndi maso kuti asidi adya kobiri lomwe pamodzi ndi kuda kwace.

Makobiri oyera a mkuwa ndi nikelo asaikidwe mu viniga, cifukwa aturuka ozimirira ndipo ena acita mawanga ofiira.

6. Siliva wakuda

Siliva wamba amene wada kwambiri ali ndi njira yace. Pansi pa mbale payalidwe pepala lonyezimira la aluminiyamu, kobiri liikidwe pamwamba pace kuti zikhudzane, pathiridwe supuni yaikuru ya soda wophikira, ndipo munthu wamkuru athire kapu ya madzi otentha. Posacedwa pamveka fungo longa la dzira lobvunda. Sulufule akusiya siliva, pakuti aluminiyamu ali ndi mphamvu yomlanda, ndipo siliva ayera popanda kukhula. Njira iyi ndi yofatsa kupambana mcenga, komabe icotsa mtundu wakale umene ogula akonda. Tiki kapena shilingi ya siliva imene malemba ace ali akuthwa ilekedwe monga iri.

7. Kubiriwira kwabwino ndi koipa

Kubiriwira kuli kwa mitundu iwiri. Kwina kuli kolimba, kosalala ndi koderapo, ndipo sikucoka ndi cala. Kumeneko ndi kwabwino, kulekedwe. Kwina kuli kotuwa ngati ufa, kucoka ndi cala koma kubweranso, ndipo pansi pace pali timaenje. Kumeneko ndi nthenda ya mkuwa, imene iyamba ndi mcere ndi cinyontho, ndipo ikalekereredwa iboola kobiri. Kobiri lodwala lipatulidwe kwa anzace, ufawo ucotsedwe ndi mswaci wofewa, libviikidwe masiku ambiri m'madzi a mvula osinthidwa tsiku ndi tsiku, liumitsidwe bwino pa dzuwa, ndi kusungidwa pouma.

M'caka ca 1960 anchito amene anali kukumba malo a thanki la madzi pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira mu Zambezi, anapeza manda a anthu amene anakhala kumeneko zaka zoposa 400 zapitazo. M'mandamo munali mikanda ya golidi ndi mitanda ya mkuwa, imene inali cuma ca malonda m'masiku amenewo. Zinthu zotere zisungidwa ku Livingstone Museum, ndipo osunga ace sazikhula kuti ziwale, pakuti khungu lace ndi mbali ya mbiri yace. Mwana amene apeza mtanda wa mkuwa, mikanda kapena cina cakale m'nthaka asacitsuke. Auze mphunzitsi kapena mfumu ya mudzi, kuti iwo adziwitse bungwe la Boma losunga zakale, lochedwa National Heritage Conservation Commission.

8. Zoyenera kupewa

Asidi wa m'batire la galimoto atentha khungu ndi kucititsa khungu m'maso, ndipo mwana asamkhudze konse. Mankhwala oyeretsa zobvala asasanganizidwe ndi viniga kapena mandimu, cifukwa aturutsa mpweya waululu umene uononga mapapo. Kobiri lisaikidwe m'kamwa, ndipo likhale kutali ndi makanda, amene akhoza kulimeza. Botolo ndi mbale za nchitoyi zisabwererenso ku zakudya. Ndalama zimene zikugwira nchito lero ndi zogulira, ndipo lamulo la dziko liletsa kuziboola, kuzisungunula kapena kuziononga dala. Kobiri la mwini lisatsukidwe mwini wace asanalole.

9. Kasungidwe kace

Kobiri liri lonse likhale m'kaenvulopu kace ka pepala, kuti asakhulane. Pa kaenvulopuko palembedwe dziko, caka, mtundu wa citsulo, ndi kumene linacokera, monga motere: "Rhodesia ndi Nyasaland, peni, 1955, mkuwa, anandipatsa amalume." Timaenvulopu tiikidwe m'citini ca cibvundikiro colimba, kutali ndi utsi wa pamoto ndi kutali ndi cinyontho, makamaka m'nyengo ya mvula. Mphira isamangidwe pa makobiri, ndipo asaikidwe m'pulasitiki yofewa, cifukwa mitundu ina ya pulasitiki yotere isiya zomata zobiriwira pa citsulo. Kamodzi pa mwezi mwini wace awayang'ane, kuti nthenda ya mkuwa ikayamba aione msanga.

Mwana amene asunga motere adzapeza kuti citini cace casanduka buku. Makobiri akandandalikidwa kuyambira 1932 kufikira 1968, asonyeza maufumu amene anapita, dzina la dziko likusintha, ndi kufika kwa kwacha. Ndipo akafunsa akulu zimene tiki inali kugula m'masiku a ubwana wao, adzamva zambiri zimene sizinalembedwe m'buku la sukulu. Makobiri amenewa sapangidwanso. Amene atsala ndi okhawo, ndipo kuti adzafike kwa ana a m'tsogolo ndi malemba ace athunthu, zitsamira pa manja a amene awagwira lero.

Mafunso

1. Mapeni angati anali m'paundi imodzi? Nanga matiki angati anali m'hafukoloni?
2. Kodi litsiro ndi kuthimbirira zisiyana bwanji?
3. Shilingi ya Southern Rhodesia ya 1937 ndi ya 1951 zonse ziwiri ndi zoyera. Iri ndi siliva ndi iti?
4. Maginito athandiza bwanji wosunga makobiri?
5. Cifukwa ninji msomali usanduka wofiira mu viniga m'mene mwatsukidwa makobiri?
6. Fotokozani kusiyana kwa kubiriwira kwabwino ndi nthenda ya mkuwa.
7. Nkhalamba ija inatanthauza ciani ponena kuti madzi akatayika saoleka?

Zocita

1. Ikani pepala pamwamba pa kobiri, ndi kukhwaca mofatsa ndi pensulo kufikira cithunzi cace cioneke. Lembani dziko ndi caka pansi pace.
2. Tengani makobiri atatu a mkuwa wamba. Loyamba litsukeni ndi sopo, laciwiri ndi mandimu ndi mcere, lacitatu lilekeni. Lembani maonekedwe ao tsiku loyamba, ndiponso atapita masabata anai.
3. Funsani munthu wamkuru wa m'mudzi mwanu maina amene anthu anali kuchula makobiri akale, ndi zimene liri lonse linali kugula.